Kilachi Yolimba ndi Bondo la a Magalasi

Mukafika mumsewu wa kuseri kwa msika wa zitsulo, kumene kuli owotcherera mageti ndi okhoma mipando, n'kufunsa kuti odula magalasi ali pati, aliyense akulozerani kashopu ka chitseko chobiriwira, kopanikizika pakati pa wogulitsa penti ndi wosoka matenti. Eni ake ndi a Magalasi. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana choncho.

Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zake zodzaza timabala toyera takalekale. Kudula galasi amadziwa, kuliika pawindo amadziwa, koma chimene amanyadira si chimenecho. Iwo amati kudula aliyense angaphunzire pa mwezi umodzi. Ntchito yeniyeni ndi kulichotsa galasi pashopu n'kukalipereka kwa mwini wake lili lathunthu, m'misewu yathu ino ya maenje. Ndiyo ntchito imene anagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo anaswa galasi limodzi lokha panjira. Mpaka lero amati wolakwa anali galu.

Galasi siligona, limayenda choimirira. Kumbuyo kwa pikapu yawo kuli chimango cha matabwa chopendekeka mbali ziwiri, chokutidwa ndi zidutswa za kapeti yakale. Magalasi amatsamira uku ndi uku, pakati pawo makatoni, kunja malamba. Akamaliza kumanga, a Magalasi amagogoda ndi chala n'kutchera khutu. Likalira ngwee, lamasuka, amayambiranso. Likayankha du, ndiye kuti lagwira.

Ndiye kunyamuka kwake mukanaona. Anthu ena galimoto amachita kuidzidzimutsa. Iwo ankaichotsa pamalo monga mayi achokera pabedi mwana atangogona kumene. Phazi lamanzere linkasiya kilachi pang'onopang'ono, moti wokwera naye ankangozindikira kuti mitengo yayamba kuyenda. Pikapuyo, ya dizilo, yomwe kale inali yoyera, anaigula kwa munthu wogulitsa mazira, ndipo amati n'chifukwa chake inabwera itaphunzira kale ulemu.

Ana ali nawo anayi. Atatu anapita kwina, wina kuuphunzitsi, wina kuunamwino, wina kuja amangoti akuchita bizinesi koma osanena kuti ya chiyani. Wotsala pakhomo ndi wotsiriza, wamkazi, amene onse amangomuti Mzime ngakhale ali ndi ana akeake awiri. Ameneyu ndiye anatenga dzanja la bambo ake. Galasi lochindikala limene amuna ena amalizungulira kawiri asanalikhudze, iye amalilemba kamodzi n'kulithyola. Laisensi anali nayo, ndipo Loweruka ankatenga pikapu yopanda katundu kukagula zofunika pashopu. Koma ikangonyamula galasi, chiwongolero chinali cha bambo okha.

Mzime sakhala chete ndi ntchito yaing'ono. Anayamba kupeza za mawindo a masukulu, za zitseko zagalasi za m'maofesi, magalasi aatali kuposa munthu. Pachimango sankakwana, choncho anagula ngolo yachitsulo yokoka kumbuyo. Pikapu inayamba kupuma wefuwefu pamtunda. Apa m'pamene analowerera mkamwini, mwamuna wa Mzime, wokonza majenereta, munthu wa mtima wabwino koma wosatha kuona injini n'kuisiya momwe waipezera. Masabata atatu anali pansi pa boneti, miyendo yokha ikuoneka. Anaikamo tebo yokankhira mpweya wambiri mu injini, anatsegula pampu kuti dizilo azilowa wochuluka, kumbuyo anawonjezera masipuling'i. Tsiku loyesa, pikapu inakwera mtunda ngolo ili kumbuyo osadandaula n'kamodzi komwe.

"Ananena kuti tsobola wakale sawawa ndani?" a Magalasi anatero, akusisita chiwongolero. Sabata imeneyo mkamwini anali mwana wabwino kuposa ana onse obereka okha.

Koma panali chinthu chimodzi chimene mkamwini sakanatha kuikamo tebo. Bondo lamanzere la a Magalasi linali litayamba kukana. Poyamba linkangouma m'mawa, kenako linayamba kubaya. Kuponda kilachi kunali kopiririka. Chowawa chinali kubweza phazi, kulinyamula pachopondera n'kulitsitsa pansi, chifukwa pamenepo bondo limapindika. Ndiye anapeza nzeru yawo: phazi ankalisiya pomwepo, litatsamira pachopondera ulendo wonse. Sankaponda ayi, linkangogona. Anachita choncho zaka ziwiri.

Ankadziwa ndi akazi awo okha, amene ankawathowa ndi madzi otentha uku akung'ung'udza. Kwa Mzime anabisa, ndipo chifukwa chake chinalipo. Tsiku lina mnzawo wonyamula matabwa atagwetsera lole m'ngalande chifukwa cha maso, Mzime ananena poyera, pamaso pa amayi ake, kuti, "Inu bambo, tsiku limene ndidzaone kuti thupi lakana, makiyi ndidzatenga, mulire musalire." Mzime sanena zocheza. A Magalasi ankaopa tsiku limenelo kuposa momwe amaopera jakisoni. Munthu amene wakhala pachiwongolero moyo wake wonse, mukamuchotsapo atsala ndani? Ankadziona kale ali pampando pakhomo pa shopu, akuwodzera, akufunsa nthawi kwa aliyense wodutsa.

Potuluka m'tauni kupita kumene akumanga nyumba zatsopano pali mtunda wautali, ndipo amene anaika maloboti anawaika pakati penipeni pa mtundawo, Mulungu amukhululukire. Lachiwiri lina, ngolo itadzaza, a Magalasi anaima pamenepo. Itayaka nyali yobiriwira anasiya kilachi n'kuponda mafuta. Injini inabangula, koma galimoto inangosuntha pang'ono ngati ikuganizira kaye. M'kati munalowa fungo loipa la chinthu chopserera. Anakwera ndithu, mwa chisomo, mahutala akulira kumbuyo. Pobwerera zinachitikanso pakamtunda kena kosayenera n'kutchula komwe. Kilachi inali itayamba kuterereka.

Mlandu anaupezera mwini wake asanafike n'kunyumba komwe.

"Mwaipatsa mphamvu za lole, pomwe kilachi ndi ya wilibala," anamuuza mkamwini madzulo amenewo. "Mwaipsereza ndinu."

Mkamwini sanatsutse. Anakondwa kumene, chifukwa nkhani inali yogula chitsulo china. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Inali kilachi ya anthu a mipikisano, yopanda mbale yozungulira monga zinazi, koma timapazi tinayi tolimba ngati mwala.

"Iyi, apongozi, siterereka ngakhale mutakoka nyumba."

A Magalasi anaikonda pomwepo. Chilichonse chimene chatchedwa cholimba iwo amachikonda, kaya ndi loko, kaya ndi nsapato.

Makaniko wawo ndi mnzawo wa kuubwana, bambo wamtali wowonda amene anthu amamuti a Dekhani, chifukwa ndiwo mawu oyamba amene amauza aliyense wobwera ndi phuma. Galaja yawo ndi ya denga la malata, dzenje limodzi, benchi yakuda bii ndi oilo, ndi wailesi imene mabatire ake anamangidwa ndi mphira. Ali ndi lamulo limodzi limene saphwanya: saika chitsulo chatsopano asanaone chakale. Amati chakale ndicho chimadziwa chimene chinachipha.

Lachitatu m'mawa a Magalasi ndi mkamwini anakaisiya pikapu kumeneko. Foni ya mkamwini a Dekhani anangoiponyera diso kamodzi.

"Dekhani," anatero. "Titsitse kaye giyabokosi."

Lachinayi masana anaimba foni. "Achimwene, bwerani. Koma mkamwini musiyeni akonze majenereta ake."

Anapeza zitsulo zitayalidwa panyuzipepala pabenchi paja. A Dekhani anayamba ndi mbale ya kilachi. Inali itatha, yosalala, yonyezimira. Kenako anawaonetsa chigudumu chachitsulo chimene mbaleyo imagwirapo, chili ndi mawanga abuluu a kutentha.

"Izi tingati ndi mphamvu za mkamwini. Ndivomera, koma theka."

"Theka bwanji?"

A Dekhani anatola kachitsulo kozungulira, kokwana m'dzanja, n'kukazunguza ndi chala. Kanalira khwerekhwere.

"Aka ndi kabeling'i kamene kamakankha kilachi munthu akaponda. Kamagwira ntchito pokhapokha phazi lili pachopondera. Phazi likachoka, kamapuma. Ndinakaika ndekha zaka zitatu zapitazo, ndipo kwa munthu woyendetsa ngati inu kanayenera kukalamba limodzi ndi galimoto. Katha bwanji?"

"Zitsulo za masiku ano," anatero a Magalasi.

"Ndinagula ndine, n'chabwino. Taonaninso apa pamene kamakhudza, pakumbika mzere. Kameneka kakhala kakuzungulira osapuma kuchoka pashopu mpaka kubwerera. Pali phazi limene likumagona pachopondera."

"Mwina Mzime, Loweruka lija."

"Mzime ayenda mtunda wanji Loweruka? Musamunamizire mwana." A Dekhani anapukuta manja ndi kansanza, osawayang'ana kumaso. "Polowa muno ndakuonani. Ngalande ya pakhomo ija mwailumpha ndi mwendo wamanja, wamanzere mwachita kuukoka. Ndi bondo kapena chiuno?"

Wailesi inkanena za mpira. A Magalasi anayang'ana kabeling'i kaja. Anali atabisira mwana, atabisira abusa, atabisira anzawo onse a mumsewu, koma kachitsulo kosakwana n'thumba komwe kanawaulula.

"Bondo," anatero.

Anachita manyazi, komanso mtima unapepuka, chifukwa katundu wa zaka ziwiri anali atamutula.

A Dekhani sanawadandaule, si khalidwe lawo. Anangopita kuchipinda cha kuseri n'kubwera ndi makatoni atatu, n'kuwatsegula limodzilimodzi.

"Yoyamba ndi yofanana ndi imene inalimo. Yofewa, mwana wa sukulu angaiponde. Koma ndi injini imene muli nayo tsopano, miyezi isanu siikwana. Kuti ikhalitse, nditsitse pampu, mphamvu zibwerere mwakale, ndipo ngolo muiiwale."

Anatsegula lachiwiri. Munali ya timapazi tinayi ija.

"Ya mkamwini ndi iyi, ndabwereka kwa mnzanga kuti muione ndi maso. Kulimba ndi yolimbadi. Koma siidziwa pang'onopang'ono. Ikakhala kunja ili kunja, ikalowa yalowa, gwa. Onyamula miyala alibe nayo vuto. Inu mukanyamuka nayo pamtunda paja, galasi lifika kwa mwini wake lili mchenga."

Chikhala kuti a Magalasi anagula okha dzana lija, akanaiika imeneyo.

"Yachitatu ndi iyi. Mbale yake ndi yathunthu monga yakale, koma yokhuthala, ndipo sipuling'i yake ndi yamphamvu. Imagwira mwaulemu, ikagwira sitaya. Ngolo ikoka, galasi lifika. Ya galimoto yanu ndi imeneyi. Koma ya mwendo wanu, kaya."

"Ndiponda," anatero a Magalasi. "Mwendowu waponda zambiri."

"Kuchoka pashopu kufika pamwamba pa mtunda uja mumaponda kangati?"

"Ndani amawerenga zimenezo?"

"Ine. Tsiku lija munanditenga popita kukaona nyumba ya mwana wanga ndinawerenga. Kupitirira makumi anayi, ulendo wopita wokha. Panjapo pali pikapu ya munthu wa njerwa, ndaiika kilachi yomweyi dzulo. Kwerani, pondani, ine ndiziwerenga."

Anakwera. Chopondera chinali cholemera, koma kakhumi koyamba anaponda akumwetulira, akumuyang'ana mnzawoyo mwamatama. Pofika kakhumi ndi kasanu kumwetulira kunatha. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa makutu. Pa makumi awiri anamva ngati wina akukhoma msomali m'bondo. Anapondanso kawiri chifukwa cha liuma, kenako mwendo unangonjenjemera, osatsikanso.

"Makumi awiri ndi kawiri," anatero a Dekhani. "Pamenepo mwafika pa maloboti, ngolo ili kumbuyo, kumbuyo kwa ngolo kuli basi."

Anakhala onse awiri pamatayala akale mumthunzi wa khoma. A Dekhani anaitanitsa tiyi kwa mayi wogulitsa tsidya la msewu. Anamwa mpaka theka.

"Tinakula limodzi," anayamba a Dekhani. "Mukafuna, ndiika yofewa ija, nditsitsa pampu, ndipo ana ndiwauza kuti giyabokosi yakalamba, singathenso ngolo. Andikhulupirira, sindinawanamizepo. Muyendetsa zaka zina ziwiri, mwina zitatu, bola phazilo muziyesetsa kulichotsa. Ntchito zazikulu za Mzime zipita kwa ena, basi. Mukafuna yachitatuyi, ikhala zaka zisanu ndi zitatu osaigwira. Ndiye muganize kuti zaka zimenezo aziiponda ndani. Pikapu ili padzenje, sithawa. Mundiuze mawa."

A Magalasi anabwerera pabasi, ndipo tinene zoona, bodza lija analikonda. Linali bodza laukhondo, lopanda wovulala, lonenedwa ndi munthu wina. Pofika pa siteji anali atalikonza kale bwinobwino, mpaka nkhope imene adzaonetse pomva kuti giyabokosi yakalamba.

Pashopu anapeza Mzime ali patebulo lalikulu lokutidwa bulangete, galasi lotalika ngati chitseko litagona pamenepo. Sanawaone polowa. Anayeza, anayezanso, anaviika chodulira m'kabotolo ka oilo, n'kukoka mzere umodzi kuchoka uko kufika kuno, tsiii, osaima panjira. Anagogoda pansi pake kawiri, anagwira m'mphepete, galasi linagawika mwakachetechete. Pakhoma anali atakhoma pepala la miyeso ya mawindo a sukulu yatsopano ya kuseri kwa mtunda uja, mawindo makumi asanu ndi limodzi ndi anayi, ena atawachonga kale ndi pensulo. Ankaimba kanyimbo ka kutchalitchi mosokoneza mawu, monga amachitira zinthu zikamuyendera.

"Bambo, mwabwera? Galimoto ituluka liti? A kusukulu akufuna tiyambe Lolemba."

Bodza linali pamlomo, lokonzeka. "Akuyang'anabe," anatero, n'kutenga tsache kuyamba kusesa zidutswa, ntchito imene sanaigwire zaka khumi.

Kunyumba, dzuwa lisanalowe, anakhala pakhonde mwendo uli m'beseni, n'kuwafotokozera akazi awo zonse, makatoni atatu ndi zimene a Dekhani analonjeza. Mayiwo anamvetsera akufinya kansalu.

"Ndiye mwati bwanji?"

"Zaka zitatu si zochepa."

"Ine bondo ndithowa, a Magalasi, koma bodza sindithowa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muona nokha."

Anawasiya pomwepo n'kukalowa kukhitchini. A Magalasi anakhala akuyang'ana madzi akuzizira. Chimene chinawavuta si mawu a mayiwo ayi, amenewo anawazolowera. Chinali pepala lija la pakhoma. Zaka zonsezi makasitomala ankabwera ndi galasi logula kwina motchipa, lalifupi, n'kumawapempha kuti achepetse felemu kuti likwane. Iwo ankawabweza ndi mawu amodzimodzi: galasi amadula kuti likwane windo, sachepetsa windo kuti likwane galasi. Lero ndi iwo amene ankafuna kuchepetsa ntchito ya mwana kuti ikwane bondo lawo. Anadziseka okha, kuseka kowawa, n'kuitana kuti awonjezere madzi otentha.

Lachisanu m'mawa anamuuza Mzime kuti atseke shopu kwa ola limodzi awaperekeze kugalaja. Pikapu ya munthu wa njerwa inali ikadalipo.

"Kwera umo, uponde kilachi. Amalume akowa aziwerenga."

Mzime anawayang'ana onse awiri, koma anakwera. Anasendeza mpando kutsogolo, anavula nsapato yake ya chidendene n'kuiika pambali, n'kuyamba. A Dekhani ankawerenga mokweza. Makumi awiri, makumi atatu, makumi anayi. Pa makumi asanu anasiya kuwerenga.

"Ndipitirize?" anafunsa Mzime. "Ndi yolemera, koma ndi yabwino, imabwerera bwino. Nanga mukuyesa ine bwanji? Woyendetsa ndi inu."

A Dekhani anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito m'dzenje.

A Magalasi anaima pachitseko cha galimotoyo, dzanja lili pagalasi la pambali, n'kunena zonse. Za bondo, za phazi logona pachopondera, za kabeling'i, za makumi awiri ndi kawiri. Za bodza lija ananenanso, chifukwa ukayamba kutsuka mbale sutsiriza ndi theka.

Mzime anamvetsera manja ali pachiwongolero.

"Zaka ziwiri, bambo? Mukukwera mtunda uja ndi ngolo, ine ndili pambali panu ndikukamba za miyeso?" Anali atapsa mtima zenizeni. "Chikhala mwendo unakana pa maloboti paja? Ndikanadziwa ndikanatenga makiyi tsiku lomwelo."

"N'chifukwa chake sunadziwe."

"Ndiye lero nditenga."

"Sutenga," anatero a Magalasi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wapadera amene ankayenda naye nthawi zonse, womangidwa pa kachingwe kachikopa kakuda ndi thukuta. "Ndikupatsa ndine. Zimasiyana."

Mzime anayang'ana kiyiyo, anayang'ana bambo ake, kenako anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja n'kulandira ndi manja awiri.

"Koma Lachiwiri tikupita kuchipatala ndi bondolo."

"Taona, wayamba kale kulamulira."

Anatembenukira kudzenje. "Achimwene, ikani yachitatu ija. Pampu musaigwire."

"Ndinaiyeza kale dzulo," anayankha mawu kuchokera pansi pa pikapu.

Panatsala mkamwini. Mpongozi kupepesa mkamwini si chinthu chophweka, ndipo a Magalasi anachita mwachidule. Loweruka atabwera kudzaona ntchito, anamuitanira pambali n'kumuuza kuti mlandu uja theka unali wake, theka wa eni galimoto. Mkamwini sanamve n'komwe kuti apepesedwa. Chimene anamva n'chakuti kilachi yake ya timapazi tinayi yakanidwa, ndipo nkhope inagwa. Patangopita kanthawi anatsitsimuka, n'kuyamba kufotokoza kuti anaonapo kachipangizo kena kothandiza kufewetsa chopondera, kongofunika kuboola pang'ono apa ndi apa.

"Dekhani," anatero a Dekhani.

Lolemba m'mawa anapakira magalasi a sukulu, khumi ndi awiri oyamba, ena pachimango, aataliwo m'ngolo. Kumanga anamanga a Magalasi, ndipo palibe amene anawatsutsa. Anagogoda lililonse. Atamaliza anazungulira kutsogolo monga mwa masiku onse, dzanja linafika pachitseko cha woyendetsa, ndipo anapeza muli kale munthu. Wosoka matenti anaona zimenezi n'kuyang'ana kumbali mwaulemu. Anazungulira kachiwiri n'kukakwera mbali inayo. Mpando wake unali wouma, wosawadziwa.

Mzime ananyamuka bwino. M'tauni anayenda bwino, kungoti maenje ena amene bambo ake ankawadziwa ngati abale iye ankawaona mochedwa, ndipo pa lililonse a Magalasi ankakoka mpweya m'mano. Anali atalonjeza akazi awo kuti akhala chete mpaka kusukulu.

Pamtunda paja nyali inawapeza yofiira, monga mwa khalidwe lake. Mzime anaima, anakoka handibuleki. Kumbuyo kunaima basi, pafupi kwambiri ndi ngolo. Itayaka yobiriwira anayamba kusiya kilachi, koma yatsopano imagwira msanga kuposa imene anaizolowera. Pikapu inagwedezeka kamodzi, injini inazima.

Mahutala anayamba. A Magalasi anatchera khutu kumbuyo. Kunalibe kulira kwa galasi. Malangizo anali atadzaza m'kamwa mpaka m'masaya, koma anagwira bondo lawo ndi manja awiri n'kuyang'ana kutsogolo. Mzime sanayang'ane basi, sanayang'anenso bambo ake. Analiza injini, anawonjezera mafuta pang'ono, anakweza phazi mpaka mphuno ya galimoto inadzuka, anadikira, n'kutsitsa handibuleki. Pikapu inachoka pamalo osabwerera m'mbuyo ngakhale chala chimodzi, ngolo ikutsatira mwaulemu. Analowetsa giya yachiwiri, injini ya mkamwini inakoka, kilachi inagwira osataya.

A Magalasi anali okondwa, ndipo anadabwa kuti kukondwako kunalibe chowawa chambiri monga ankayembekezera.

Tsopano analibe choyang'ana. Maenje sanali awo, magalasi oonera kumbuyo sanali awo. Choncho anakweza maso. Msewu umenewu anaudutsa kosawerengeka, koma ankaudziwa pansi pokha. Pamwamba pa mtunda panali nyumba yosanja ya wogulitsa mankhwala, mawindo ake asanu ndi atatu akuwala ndi dzuwa la m'mawa. Anawazindikira. Kutsogolo kwake kunali tchalitchi cha mawindo aatali osongoka pamwamba, amene anawavutitsa sabata yathunthu. Kenako malo ometera tsitsi, kenako sitolo ya nsalu, kenako nyumba ya khonde lagalasi imene mwini wake ankakangana nawo za mtundu. Onse anali m'malo mwake, athunthu, m'kati mwake anthu akutsegula makatani.

"Awo ndinaika ine," anatero, ataiwala lonjezo lija. "Ndi awonso. A tchalitchiwo ndinaika iwe uli kusukulu ya mkaka. Taona mmene akuonekera ukakhala kuno. Ine sindinawaonepo chonchi."

Mzime sanachotse maso pamsewu. Anazemba dzenje lina, n'kulowetsa giya yachitatu.

"Ndikuwadziwa onse, bambo," anatero. "Ndakhala ndikuwaona zaka zonsezi ndili pampando umenewo. Ndimaganiza kuti inunso mumawaona."